Dzenje la Kuseri kwa Mpanda

1. Dimba la pamchenga

Mwawi anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene anayamba kusunga chinsinsi cha munthu wamkulu. Ankakhala ndi mayi ake, a Jenifer, omwe anali namwino pa chipatala china mumzinda wa Doha, m'dziko la Qatar. Nyumba yawo inali yaing'ono, yakumapeto kwenikweni kwa kompaundi ina ku Al Waab. Kuseri kwake kunali kamalo ka mchenga, kenako mpanda wautali wa simenti. Tsidya lina la mpandawo kunali chinyumba cha banja la eni dziko.

M'chinyumbamo munkagwira ntchito a Maliyamu, mayi wa ku Mangochi. Chipinda chawo chogona chinali panja, chomangidwa motsamira mpanda womwewo. Akakwera pampando n'kusuzumira, ankatha kucheza ndi Mwawi. Ankamutcha "mzungu wa ku Mponela" chifukwa cha Chingerezi chake cha kusukulu.

Dimba linayamba chaka chimene mayiko oyandikana ndi Qatar anatseka malire awo. Malole a zakudya anasiya kulowa. Kwa masiku angapo mashelefu ena a m'magolosale anali opanda kanthu, ndipo masamba atayamba kubwera pa ndege anali ofota komanso achilendo m'kamwa. A Maliyamu anamasula kansalu ka mbewu komwe anachokera nako kwawo. Munali bonongwe, mpiru, therere ndi nthanga za maungu. Anaponyera mbewuzo kuseri kwa mpanda. Mwawi anaunga mizere isanu monga ankachitira kwa azakhali ake ku Mponela. Anathira manyowa ogula m'matumba n'kumanga neti yotchinga dzuwa.

A Jenifer ankaganiza kuti mwana wawo amathirira ndi madzi otsukira mbale. Zoona zake zinali zina. Masana aliwonse mabwana akagona, a Maliyamu ankalumikiza payipi ya pulasitiki ku mpopi wa kumeneko n'kuidutsitsa pamwamba pa mpanda. Mwawi akaweruka kusukulu ankailandira. Mchenga wa ku Doha sukhuta madzi, choncho payipiyo inkayenda maola awiri, nthawi zina atatu.

Vuto linali limodzi. Madzi otsala ankatsetsereka kupita kumsewu, komwe alonda a pakompaundi akanawaona n'kuyamba mafunso. Ndiye tsiku lina m'munsi mwa mpanda munatseguka kauna kakang'ono ngati ka mbewa, ndipo madzi onse anayamba kulowa mmenemo.

A Maliyamu anati Mulungu wawaona. Anati kwawo una wa mbewa kapena wa chiswe munthu amauthira madzi mpaka udzaze, nkhani n'kutha. Mwawi anakumba kangalande kolunjika pa kaunako. Akamaliza kuthirira ankangolowetsamo payipi mpaka a Maliyamu atapeza mpata wotseka mpopi.

Anachita zimenezi kwa chaka chathunthu. Kaunako sikanadzaze ngakhale tsiku limodzi.

2. Mtengo wa tsache

Lachisanu lina mu Okutobala, lomwe ndi tsiku lopuma ku Doha, Mwawi analawirira kukathyola nkhwani chifukwa kunkabwera mlendo. Atafika kuseri anaima. Mizere iwiri ya kufupi ndi mpanda inali itatsika ngati munthu waikhalira. Pampanda panali mng'alu wochokera pansi mpaka pamwamba, woti chala n'kulowa. Kauna kaja tsopano kanali ngati kukamwa kwa ndowa.

Anatenga mtengo wa tsache n'kuulowetsa. Sunagunde kanthu. Anawerama kuti aukankhe, ndipo unamupulumuka m'manja. Anatchera khutu. Panapita kanthawi asanamve ukugwera pamadzi, patali. M'dzenjemo munkatuluka kamphepo kozizira.

Mwawi anabwerera cham'mbuyo mpaka pakhomo n'kuitana a Maliyamu motsitsa mawu.

A Maliyamu atasuzumira anayang'ana mng'aluwo nthawi yaitali. Anavomera kuti kwa masiku anayi chitseko cha chipinda chawo chinkavuta kutseka, ndipo matailosi awiri a pansi pa bedi anali atasweka okha. Koma anati zimenezo n'za amisiri omanga mothamanga.

"Anti, tiwauze amayi," anatero Mwawi.

"Uwauze chiyani? Kuti Maliyamu amaba madzi a bwana wake? Mwanawe, tamvera. Ine kuno ndilibe m'bale, ndilibe loya. Madamu akangomva, khalasi, zatha, tikiti ya one way, kontirakiti yathera pomwepo. Ana anga atatu ku Mangochi adya mchenga uwu? Iwe amayi ako ndi anesi, mapepala awo ndi olimba. Ine pepala langa ndi pakamwa pakopo. Ukatsegula, ndapita."

Anamuuza kuti athire mchenga m'dzenjemo, avindikire ndi katoni, ndipo asiye kuthirira kwa sabata imodzi. Kenako anamulumbiritsa kuti sauza munthu. Mwawi ananyambita chala n'kuchidutsitsa pakhosi, monga ankachitira ali wamng'ono.

Anathira ndowa zisanu ndi imodzi za mchenga ataima patali. Wonse unalowa ngati shuga mu tiyi.

3. Mawu a malume

Mlendo uja anali a Gomezgani, malume ake a Mwawi. Anali injiniya. Ntchito yawo inali yoboola pansi ndi makina kuti aone ngati nthaka ingasenze nyumba zikuluzikulu, ndipo masiku amenewo ankagwira cha ku Ras Abu Aboud. Anali munthu waimvi, wosaseka msanga.

Anayamikira nkhwani wotendera n'kupempha kuti aone dimba lomwe ankangolimvera mbiri. Mwawi anayankha msanga kuti kuseri kwathiridwa mankhwala a mphemvu, sikopitako. A Jenifer anamuyang'ana modabwa, koma anali atatopa ndi mashifiti a sabata yonse ndipo sanafunse.

Atatha kudya, Mwawi anafunsa funso ngati kuti ndi ntchito ya kusukulu. Anafuna kudziwa chomwe chingachititse kuti madzi azingolowa pansi osadzaza. A Gomezgani anamutuma kuti akatole mwala woyera pafupi ndi geti, abwerenso ndi ndimu. Anafinyira madzi a ndimu pamwalapo. Panatuluka tithovu ting'onoting'ono.

"Waona? Kwathu tinazolowera miyala ya ku Dedza ndi ku Mulanje. Imene ija ungaithire madzi mpaka kukalamba, ili gwa. Ndiye ife Amalawi tikaponda pamwala timati tapeza pokhazikika. Kuno si choncho. Dziko lino lakhala pa mwala wa laimu, wonga womwe amawotcha ku Balaka popanga njereza. Mwala umenewu madzi amaudya. Mvula imakhala ndi kuwawasa kochepa kuposa kwa ndimuyu, koma ili ndi nthawi. Imalowa m'ming'alu n'kumanyambita, zaka ndi zaka, mpaka pansi pamakhala mapanga. Ife pa site tikamaboola, nthawi zina chitsulo chimangogwa chokha mamita awiri, atatu. Ndiye kuti tapeza phanga. Timaimitsa chilichonse, timalipopera simenti mpaka lidzaze, kenako n'kumanga."

Anamukumbutsa za ulendo wawo wa kuchipululu cha Zekreet, komwe anaona miyala yoima ngati bowa. Anati mphepo yonyamula mchenga imapala mwala wofewa wa m'munsi n'kusiya wolimba pamwamba. Mchere nawo umalowa m'timing'alu n'kumaunyenya. Tsiku lina chipewa cha bowayo chimalemera n'kugwa chonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake anamukalipira tsiku lija atakhala pamthunzi wa mwala wina kuti ajambulitse.

A Jenifer anaseka n'kunena kuti achimwene awo akangoyamba za miyala, tiyi amazizira. A Gomezgani anapitiriza kulankhula ndi Mwawi.

"Koma choopsa kwambiri ndi chimene suchiona. Phanga likhoza kukhala pansi pa nyumba zaka mazanamazana, pakamwa pake patatsekeka ndi mchenga ndi dothi. Silivuta munthu. Ndiye wina ayambe kuthira madzi pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, kaya ndi payipi yodontha, kaya ndi thanki yotayikira. Madzi aja amakokera mchenga uja m'phanga pang'onopang'ono. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, chonsecho patsala chigoba ngati cha dzira. Ine ndinaonapo lole ya madzi ikumira mpaka m'mawindo pamalo pomwe inkaima m'mawa uliwonse. Dalaivala anatulukira padenga. Ndiye zizindikiro uzidziwe. Nthaka imatsika ngati mbale. Makoma amang'aluka. Zitseko zimayamba kukana. Ukaona zimenezi usati ndithiremo mchenga, usati ndione mawa. Tulutsa anthu kaye, zolankhula pambuyo. Khoma timamanganso, koma munthu sitimuumbanso. Ndipo malo otere nthawi zambiri amadikira mvula. Dothi likanyowa limalemera, ndipo chigoba chija chimasiya."

Mwawi anafunsa kuti mvula ibwera liti. Malume ake anati pa foni pakuonetsa mitambo mawa, ngakhale mvula ya kuno imakonda kulonjeza osafika. Kenako anamuyang'anitsitsa n'kufunsa ngati pali pena pomwe waona zotere.

Mwawi anati ayi.

Madzulo, a Gomezgani atapita, Mwawi anawatsatira mayi ake kukhitchini kawiri. Ulendo woyamba anangotenga kapu ya madzi. Ulendo wachiwiri anatsegula pakamwa, koma kuseri kwa mpanda kunamveka a Maliyamu akuanula zovala, akuimba chapansipansi. Mwawi anafunsa ngati pali mbale zina zotsuka.

4. Mvula

Loweruka m'mawa a Jenifer anapita ku ntchito. Cha m'ma 10 koloko kunja kunada ngati madzulo. Kunagwa mvula yomwe Mwawi anali asanaionepo chibwerere ku Doha. Pasanathe theka la ola msewu wa m'kompaundi unasanduka mtsinje. Madzi a padenga lawo, a padenga la oyandikana nawo ndi a pabwalo lonse ankathamangira kuseri, kutsata kangalande komwe iye anakumba ndi manja ake.

Anayang'ana pawindo la kukhitchini. Katoni ija inali itapita. Madzi ankazungulira padzenjepo ngati m'sinki, ndipo pansi pankamveka kulindima ngati lole ikudutsa patali. Akuyang'ana choncho, mzere wa therere unapendekeka n'kumira wonse, neti ikuutsatira.

Anaimbira foni a Maliyamu. Iwo anati ali m'chipinda, akukweza katundu pabedi chifukwa madzi ayamba kulowa. Mwawi anawauza zonse zimene malume ake ananena, mawu akuthamangitsana. A Maliyamu anati palibe vuto, atuluka mvula ikakata. Mwawi anachonderera kuti atuluke pompano. Kenako anamva akukoka chinthu, akupuma mwamphamvu.

"Chitseko chakana," anatero a Maliyamu. Mawu awo anali atasintha. "Usaitane munthu. Ndichikoka ndekha. Wamva, Mwawi? Unalumbira."

Foni inaduka.

Mwawi anaimbira malume ake n'kuulula zonse: payipi, dzenje, mtengo wa tsache, ndi bodza la mankhwala a mphemvu. A Gomezgani sanamukalipire. Anafunsa kuti dzenjelo latalikirana bwanji ndi chipindacho. Mwawi anati masitepe atatu. Iwo anati akunyamuka ndipo aimbira a zangozi ali m'njira, koma misewu yadzaza madzi moti palibe angafike msanga.

"Anthu amene ali pafupi ndi eni nyumbawo. Tulukira kumaso, usapondenso kuseri. Pita ukagogode pageti pawo."

"Amalume, akawachotsa ntchito. Ndinalumbira."

"Lumbiro lotsekera munthu m'manda si lumbiro. A Maliyamu akafuna kukwiya nawe, akwiye ali moyo. Thamanga."

Mwawi anaima pakati pa khitchini foni ili m'manja. Kuseri kunamveka phokoso louma ngati nthambi yathyoka. Mng'alu wa pampanda unali utatseguka moti ankaona khoma la chipinda cha a Maliyamu. Anatsegula chitseko chakumaso n'kuthamanga wopanda nsapato.

5. Pageti la eni ake

Kuti akafike anayenera kutuluka pageti la kompaundi n'kuzungulira msewu wonse. Madzi ankafika m'mawondo. Mlonda anamukuwira kuti abwerere, koma sanacheuke. Anagwa kawiri. Atafika pageti lachitsulo lakuda anadina belu osachotsa chala, uku dzanja linalo likumenya chitsulo.

Anatsegula ndi dalaivala wa pakhomopo, bambo wonenepa wa ku Sudan, atafunda thaulo kumutu. Kumbuyo kwake, pakhonde, panaima madamu a nyumbayo, mayi wachikulire wovala zakuda. Mwawi analankhula m'Chingerezi, mpweya ukumuperewera. Anati pansi pa chipinda cha wantchito wawo pali phanga, chitseko chakana, ndipo chipindacho chikugwa.

Madamuwo anafunsa kuti iye ndi mwana wa ndani, ndipo za pansi pa nyumba yawo wazidziwa bwanji. Dalaivala anayamba kubweza geti.

Mwawi akanatha kunena kuti wangoona mng'alu. Koma anaona kuti sakumukhulupirira, ndipo nthawi inkatha. Anaika phazi pageti n'kuwauza kuti kwa chaka chathunthu wakhala akuthira madzi m'dzenje la m'munsi mwa mpanda wawo, madzi ochokera pampopi wawo.

Nkhope ya madamuwo inauma. Anangonena mawu amodzi kwa dalaivala, "Yalla," kutanthauza kuti tiyeni, ndipo onse atatu anathamangira kuseri.

Chipinda chinali chitapendekeka. Ngodya yake ya kumpanda inali itatsika, ndipo pakati pa khoma ndi denga pankaoneka mpata. Mkatimo a Maliyamu ankamenya chitseko, akupemphera mokweza m'Chiyao. Dalaivala anatenga chitsulo chomasulira matayala n'kuchilowetsa m'mbali mwa loko. Chitseko chinakana. Anayesanso. Matailosi a pabwalo anayamba kusweka pansi pa mapazi awo, limodzi ndi limodzi. Ulendo wachitatu felemu inang'ambika.

A Maliyamu anatuluka, koma atangoponda panja anatembenuka kuti akatenge chikwama cha mapepala awo pabedi. Mwawi anawagwira yunifomu ndi manja onse awiri n'kudzigwetsa chagada. Anagwera limodzi m'madzi. Dalaivala anawakokera onse kutali, wina dzanja ili, wina dzanja ilo.

Sipanamveke chiphokoso chachikulu. Mpanda unangokhala pansi ngati munthu wotopa, ndipo theka la chipinda linautsatira. Bedi linatsetsereka, linaima chamutu, n'kulowa. Pomwe panali dimba panatsala chidzenje choti galimoto ziwiri n'kukwanamo, madzi amatope akugweramo mbali zonse.

Madamu aja anagwira chipilala cha khonde, milomo yawo ikuyenda yokha.

6. Funso la wapolisi

Mvula inakata masana. A zangozi anafika n'kuzinga malowo ndi tepi, ndipo anatulutsa anthu m'nyumba zitatu zoyandikana ndi dzenjelo. A Gomezgani anafika wapansi, atasiya galimoto m'madzi. Anayang'ana dzenjelo, kenako anayang'ana Mwawi. Anavula jekete n'kumuveka. Anamuuza kuti awaimbira mayi ake kuti abwere, koma sanawauze chifukwa.

A Maliyamu anakhala pasitepe ya khitchini atafunda bulangeti lomwe madamu anawapatsa. Pasipoti yawo, chitupa ndi foni zinali pansi pa dziko. Mwawi anawayandikira n'kugwada.

"Anti, pepani. Ndaulula."

"Ndamva." Sanamuyang'ane. "Ukanakhala chete, bwenzi pano akundikumba ndi makina. Zimenezo ndikudziwa, usandiuze. Koma usayembekeze zikomo lero, mzungu wanga. Lero ndilibe. Ndione kaye kumene ndigone."

Wapolisi wina anamaliza kulankhula ndi madamu n'kubwera kwa iwo ndi kabuku m'manja. Anafunsa m'Chingerezi kuti ndani ankathira madzi pamalopo. A Maliyamu anayamba kudzuka, koma Mwawi anawapitirira n'kuima kutsogolo kwawo.

"Ndine. Ngalande ndinakumba ndine, payipi ndinkalowetsa ndine."

Wapolisiyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka kumutu. Anafunsa zaka zake n'kulemba. Kenako anati nkhani yotere sangaikambe ndi mwana yekha. Anatembenuza tsamba.

"Nyumba ya tsidya ilo ili m'dzina la ndani? Ndipatse dzina la kholo lako ndi kumene amagwira ntchito."

Mwawi anacheukira malume ake. Iwo ankayang'ana kumsewu. Pageti panali patangoima takisi, ndipo a Jenifer ankatsika adakali mu yunifomu ya kuchipatala, maso awo akufunafuna mpanda pamalo pomwe anausiya m'mawa.